Chithunzi cha Duwa ndi Mawu a Pansi Pake

Masiku ano aliyense amene ali ndi foni ya m'manja alinso ndi kamera, ndipo zina mwa zinthu zimene anthu a m'chigawo chathu chino amakonda kutumizirana ndi zithunzi za maluwa. Kusanache bwinobwino, duwa lafika kale pa WhatsApp, pansi pake atalembapo moni kapena vesi. Ena sathera pamenepo. Amakwera phiri la Zomba, la Mulanje kapena kupita ku Nyika, kukagwada m'mame ndi kudikira kuti mphepo ileke, n'kubwerako ndi zithunzi zimene ukaziona umavomereza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindikunyoza ntchito imeneyi, pakuti inenso ndimaichita, ngakhale kuti dzanja langa limanjenjemera. Chimene ndikufuna m'nkhani ino ndi kuunika chithunzi cha duwa monga momwe timaunikira ndakatulo kapena nthano: chimaonetsa chiyani, chimasiya chiyani, ndipo chimayankhula ndi yani? Mfundo yanga ndi yakuti theka la ntchito yotereyi lili m'mawu amene timalemba pansi pa chithunzi, ndipo theka limeneli ndi limene talinyalanyaza.

Chimene chinandiyambitsa kuganizira zimenezi ndi manyazi amene ndinachita tsiku lina kumudzi. Wophunzira wanga wakale, amene tsopano ndi mphunzitsi, ananditumizira chithunzi cha duwa lofiira psuu, lodzaza galasi lonse la foni. Pansi pake analemba mawu awiri okha: Striga asiatica. Ndinapita nacho kwa azakhali anga, mayi amene wagwira khasu zaka zoposa 60. Ndinati, "Azakhali, kodi ili ndi duwa la chiyani?" Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenuza foniyo uku ndi uku, kenaka anati, "Mwanangu, zimenezi ndi za kutauni kwanuko. Kuno kulibe. Nanga masamba ake ali kuti? Chamera pati?" Ndinapempha wojambulayo kuti anditumizire chithunzi china chimene anajambula ataima chapatali. Chitafika, panaoneka kachomera kosafika ndi m'bondo momwe, pambali pake pali chimanga chopinimbira, chamasamba achikasu. Azakhali sanachedwe. "Ha! Kaufiti ameneyu! Ndiye mwati anthu ophunziranu mukutumizirana kaufiti ngati moni?" Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Wosadziwa pamenepa sanali azakhali. Chithunzi choyamba chija ndicho chinali chosakwanira. Chinachotsa msinkhu wa chomeracho, pakuti duwa lochepa ngati chikhadabo chinalisandutsa lalikulu ngati chikhatho. Chinachotsa masamba, chinachotsa nthaka, ndipo koposa zonse chinachotsa chimanga chimene kaufiti amadalira. Mbewu za chomera chimenechi ndi zazing'ono ngati fumbi, zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10, ndipo zimamera pokhapokha zikamva timadzi totuluka m'mizu ya chimanga, mapira kapena mbewu zina za mtundu wa udzu. Zikamera zimaluma muzu wa mbewuyo n'kumayamwa chakudya chake mobisika. Pamene duwa lofiira lija likuonekera pamwamba, chimanga chimakhala chitavulala kale. Zonsezi zili m'dzina la Chichewa. Mphatikira ka-, wa gulu la Ka-Ti, akutiuza kuti chinthucho n'chaching'ono, ndipo ufiti akutiuza kuti chimapha osaoneka. Angerezi nawonso anaona chomwecho potchula chomerachi kuti witchweed. Oyankhula Chiafirikaansi ndiwo anayang'ana duwa, n'kuchitcha rooiblom, kutanthauza duwa lofiira. Kamera ya wophunzira wanga inaona monga dzina lomalizali likuonera, pamene azakhali amaona monga dzina la Chichewa likuonera.

Kodi chizolowezi chojambula chomera chimodzi pachokha, n'kulemba dzina la Chilatini pansi, chinachokera kuti? Tikabwerera ku chiyambi, timapeza kuti kugawana zithunzi za zomera n'kwakale ngati luso lojambula ndi kuwala lomwelo. Mu 1843, mayi wina wa ku England, Anna Atkins, anayamba kutulutsa buku lotchedwa Photographs of British Algae, limene ambiri amaliwerengera kuti ndi buku loyamba kukhala ndi zithunzi za mtundu umenewu. Sanagwiritse ntchito kamera. Anatsata njira imene Sir John Herschel anatulukira mu 1842: ankapaka mankhwala a chitsulo papepala, kuyalapo ndere za m'nyanja, kuliika padzuwa, kenaka kulitsuka ndi madzi. Pepalalo linkasanduka labuluu, ndipo pamene panali ndere pankatsala chithunzithunzi choyera. Ntchitoyi anaichita zaka 10, mpaka 1853, ndipo bukulo silinali logulitsa. Ankapanga makope ochepa ndi manja, gawo ndi gawo, n'kumapatsa anzake ndi mabungwe a sayansi monga Royal Society.

Pali mfundo ziwiri zimene ndikufuna titolepo pa ntchito ya Atkins. Yoyamba ndi yakuti mayina ndiwo anatsogola, zithunzi zinabwera pambuyo. Iye ankafuna kuthandiza owerenga buku la William Harvey la mu 1841 lofotokoza ndere za ku Britain, limene linalibe zojambula. Harvey yemweyu, tinene modutsa, anagwirapo ntchito ya boma ku Cape ndipo analemba za zomera za ku South Africa, choncho nkhaniyi si yakutali kwenikweni ndi ife. Yachiwiri ndi yakuti Atkins ankalemba dzina la chomera chilichonse ndi dzanja lake, n'kulisindikiza ndi dzuwa patsamba lomwelo. Dzina ndi chomera zinatuluka pamodzi, mwa njira imodzi. Kwa iye ndi kwa anzake amene ankalandira masambawo, dzina la Chilatini linali chiyankhulo chimene onse ankachimva. Ife tatengera kaonekedwe ka tsamba lake, chomera chimodzi pamalo oyera ndi mawu awiri pansi, osafunsa ngati amene tikuwatumizira akumva mawuwo.

Nanga n'chifukwa chiyani diso la kamera limathamangira ku duwa osati ku khungwa kapena ku muzu? Yankho lapafupi n'lakuti duwa ndi lokongola. Koma pali yankho linanso la m'mbiri ya sayansi. Carl Linnaeus wa ku Sweden, pogawa zomera m'magulu 24 mu 1735, anawerenga makamaka timitu tachimuna ta m'duwa totulutsa mungu, ndipo mu 1753, m'buku lake la Species Plantarum, anakhazikitsa dongosolo lopatsa chomera chilichonse dzina la mawu awiri. Magulu ake aja anasiyidwa kalekale, koma chizolowezi chinatsala: katswiri wa zomera akafuna kutsimikiza dzina, amafuna duwa kapena chipatso. Mabuku azithunzi a kwathu kuno anatsata njira yomweyo. Audrey Moriarty anatulutsa Wild Flowers of Malawi mu 1975, buku la zojambula pamanja. Isobyl la Croix ndi anzake anatulutsa Orchids of Malawi mu 1991. Mabuku awa ndi chuma, ndipo wonyoza khama la eni ake ndi amene sanayesepo kusaka duwa limodzi m'dambo mvula ikugwa. Komabe, anawalemba m'Chingerezi ndipo anawasanja potsata mayina a Chilatini. Mbali inayi tili ndi mabuku osunga mayina athu, monga Useful Plants of Nyasaland la Jessie Williamson la mu 1955, limene linatulukanso mu 1975 ndi dzina la Malawi, komanso Dictionary of Plant Names in Malawi la Blodwen Binns la mu 1972. Kunena mwachidule, maluwa anapita njira yawo, mayina athu anapita njira yawo, ndipo zithunzi za pafoni zalondola njira yoyambayo.

Tiyeni tsopano tione mmene Chichewa chimatchulira zomera, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Mayina ambiri a mitengo ali m'gulu la Mu-Mi: msuku, mlambe, mteme, mkuyu. Tikafuna kutchula chipatso, sitifuna mawu atsopano. Timangosamutsa tsinde lomwelo kupita nalo ku gulu lina. Msuku umabala masuku, mlambe umabala malambe, mteme umabala mateme, onsewa m'gulu la Li-Ma, pamene mkuyu umabala nkhuyu m'gulu la I-Zi. Malamulo a chiyankhulo anakonzeratu njira yochokera ku mtengo kupita ku chipatso. Njira yotereyi yochokera ku mtengo kupita ku duwa kulibe. Tiyenera kuzungulira, kunena kuti duwa la msuku, duwa la mlambe. Mawu akuti duwa pawokha ndi akale kwambiri, ndipo abale ake ali ponseponse: iluba m'Chibemba, ruva m'Chishona, ua m'Chiswahili. Kusintha kwa d ndi l pakati pa duwa ndi maluwa n'komwe timakuonanso pa diwa ndi maliwa. Choncho makolo athu ankaliona duwa ndipo anali ndi dzina lake. Kungoti dzinalo linali limodzi, lokwanira maluwa onse.

Kumunda nkhaniyi imaoneka bwino kwambiri. Chomera chimodzi chimatha kukhala ndi mayina angapo, lililonse lolozera chiwalo chimene chimalowa mumphika. Chinangwa masamba ake ndi chigwada, mbatata ndi kholowa, nyemba ndi khwanya, khobwe ndi chitambe. Dzungu ndilo linalemera koposa: masamba ndi mnkhwani, mbewu zake ndi nthanga, ndipo maluwa ake ndi chiluwe. Taonani mawu omalizawa. Tsinde lake ndi lomwe lili m'mawu akuti maluwa, koma lasamukira ku gulu la Chi-Zi n'kukhala dzina la ndiwo. Chimodzimodzinso duwa lachimuna la chimanga lili ndi dzina lakelake, ngayaye, chifukwa mlimi akaona chimanga chamasula amadziwa pamene nyengo yafika. Duwa limapata dzina lapadera m'Chichewa likakhala ndi ntchito kapena likakhala chizindikiro. Likapanda zimenezi, mudzafunsa mpaka kutopa ndipo yankho lidzakhala lakuti, "Amenewo ndi maluwa chabe," kapena "Ndi tchire." Brian Morris, amene anaphunzira zomera za kuno zaka zambiri n'kulemba Chewa Medical Botany mu 1996, anatsindika mfundo yomweyi, yakuti kagawidwe ka zomera pakati pa anthu athu kamatsamira kwambiri pa ntchito ya chomeracho. Mawu akuti mtengo amene, m'kamwa mwa sing'anga, amatanthauza mankhwala.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi namasupuni. Chomera chimenechi chinachokera ku South America, ndipo duwa lake lofiirira mobiriwira limakopa wojambula aliyense wodutsa pa Liwonde. Koma amene anachipatsa dzina sanalabadire duwalo. Anayang'ana tsamba, naona kuti likufanana ndi supuni, natenga mawu obwereka ku Chingerezi, kuwaika m'gulu la Li-Ma, kutsogolo n'kuphatikizako na- monga timachitira pa mayina ngati nalimata kapena namzeze. Dzinali ndi umboni wakuti luso lotchula zomera silinafe ndi makolo. Likugwirabe ntchito, ngakhale pa chomera chachilendo ndi mawu achilendo. Ndipo msodzi wa mu Shire, kapena wogwira ntchito yochotsa zinyalala pamalo opangira magetsi, akamva dzinali saganiza za kukongola. Chithunzi chonena kuti Eichhornia crassipes chokha sichimuuza kanthu, ndiponso sichiuza mlendo kuti chomerachi n'chosautsa.

Apa wina akhoza kunena kuti ndikungobwereza zimene Jack Goody analemba. Katswiri ameneyu wa ku Cambridge, amene anachita kafukufuku wake kumpoto kwa Ghana, anatulutsa The Culture of Flowers mu 1993, ndipo anayamba bukulo ndi funso lakuti bwanji maluwa sapezeka kwenikweni m'miyambo, m'zosema ndi m'chipembedzo cha anthu a kumwera kwa Sahara. Iye anati chikhalidwe cholima maluwa okongoletsera chimakula kumene kuli ulimi wa pulawo ndi wothirira, anthu olemera okhala ndi nthawi yopuma, ndiponso mabuku. Mbali ina Goody ananena zoona, ndipo tisachite manyazi kuvomereza. Nkhata za maluwa pamanda, maluwa a mkwatibwi ndi maluwa a m'botolo patebulo zinabwera ndi mishoni ndi moyo wa m'tauni. Mitengo yambiri imene timaijambula monyadira m'mizinda yathu ndi alendo: jakaranda wa m'misewu ya Blantyre, Lusaka, Harare ndi Pretoria kwawo ndi ku South America, ndipo deliya wachikasu wa m'mbali mwa misewu kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo.

Pamene ndikusiyana naye ndi apa. Goody anafunafuna duwa lothyoledwa, ndipo atalisowa anati palibe chikhalidwe cha maluwa. Koma pali kudziwa kwina kumene sikuthyola. Mlimi wa njuchi amadziwa mtengo umene wachita maluwa mwezi uno ndi kukoma kwa uchi wake. Mayi woona mango atachita maluwa ambiri amayamba kuwerengera zipatso. Ndipo mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ngakhale cholinga chake n'kuchenjeza za anthu, unachokera kwa munthu amene anang'amba nkhuyu n'kuyang'anitsitsa. Sayansi imatiuza kuti maluwa a mkuyu ali m'kati mwa nkhuyu momwemo, ndipo timavu ting'onoting'ono timalowa pakabowo kukaikira mazira n'kunyamula mungu. Palibe wojambula maluwa amene amaima pamkuyu, chifukwa saonapo duwa. Wopeka mwambi uja anaona zambiri kuposa kamera. Vuto la chithunzi chathu cha lero n'lakuti chikutsimikizira maganizo a Goody mosadziwa. Chimaonetsa Africa wa maluwa okongola amene anthu ake alibe mawu onena za maluwawo, ngati kuti amene anayamba kuwaona ndi mwini kamera.

Mayina a Chilatini ali ndi mbiri yawonso, imene wolemba pansi pa chithunzi ayenera kuidziwa. Mlambe ndi Adansonia digitata pokumbukira Michel Adanson, Mfalansa amene anauona ku Senegal. Msuku ndi Uapaca kirkiana pokumbukira John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone mu Zambezi ndi mu Shire. Mkungudza wa pa Mulanje ndi Widdringtonia whytei: Alexander Whyte anatola nthambi zake paphiripo mu 1891, ndipo dzinalo linasindikizidwa mu 1894. Sindikunena kuti tifufute mayinawa. Ndikungoti tikalemba iwo okha, timakumbukira mlendo amene anafika dzulo n'kuiwala anthu amene anamulozera njira.

Tsopano ndiyenera kuchitira chilungamo mbali inayo, pakuti ife aphunzitsi a ziyankhulo tili ndi matenda okonda kutamanda chilichonse chakwathu. Mayina athu paokha sangakwanire. Mawu akuti therere amatchula zomera zingapo zosiyana kotheratu, zimene zimafanana pa chinthu chimodzi chokha, kutelera kwa ndiwo zake. Mwanamphepo ndi dzina la matenda komanso la zomera zingapo zochiritsira matendawo, ndipo munthu wosokoneza zomera zotere akhoza kumwetsa mnzake poizoni. Chomera chimodzinso chimasintha dzina ukawoloka mtsinje: chisoso kwina ndi kanzota, mnkhwani ku Lusaka ndi chibwabwa, kholowa ndi kalembula, bonongwe ndi bondwe. Wophunzira wa ku Chipata, wa ku Tete ndi wa ku Zomba akafuna kutsimikiza kuti akunena chinthu chimodzi, dzina la Chilatini ndi chithunzi ndizo zimawagwirizanitsa. Omasulira Buku Lopatulika anakumana ndi vuto lofanana nalo, ndipo analithetsa pobwereka mayina a zomera zakuno, mkungudza ndi kakombo, kutchulira zomera za ku Lebanoni ndi ku Palestina. Pa ntchito yawo zinatheka, koma pa sayansi sizingatheke.

Palinso zimene chithunzi chimapatsa ngakhale munthu wakumudzi. Aliyense wa ku Mangochi kapena ku Chikwawa amadziwa malambe, koma ndi angati anaonapo duwa la mlambe litatseguka? Limatseguka madzulo, loyera mbee, lolendewera pansi, mileme n'kulichezera usiku, ndipo tsiku lotsatira limakhala litayamba kufota. Ana ambiri a m'tauni sanaonepo ngakhale luni kapena denje ali m'munda. Kuwonjezera apo, chiyankhulo chathu chili ndi aneni atatu akale a mitundu, kufiira, kuyera ndi kuda, kenaka kubiriwira, ndipo mitundu ina timaifotokoza poyerekeza, monga chikasu, kapena pobwereka, monga buluu. Owerenga aona mmene ndavutikira pamwambapa kufotokoza duwa la namasupuni. Pa zimenezi chithunzi chimaposa mawu, ndipo wokonza mtanthauziramawu wa mawa adzalakwa akadzachikana.

Koma kugawana kuli ndi mtengo wake, ndipo apa nkhani ikuchoka pa kukongola n'kufika pa moyo wa zomerazo. M'Malawi muli mitundu yoposa 400 ya zomera za m'banja la Orchidaceae, ndipo yoposa 200 imapezeka ku Nyika. Kwa wojambula, zomera monga Disa, Satyrium ndi Habenaria ndi mafumu a maluwa. Kwa amayi ambiri a kumpoto kwa Malawi, a ku Zambia ndi a kumwera kwa Tanzania, dzina la zomerazi lili pansi pa nthaka. Ndi chinaka, chikande kapena chikanda, timbatata timene amasinja, kusakaniza ndi nsinjiro ndi chidulo kapena soda, n'kuphika mpaka kulimba ngati chikondamoyo. Kale chinali chakudya cha pakhomo. Chitasanduka malonda a m'mizinda ya ku Zambia, kukumba kunakula. Kafukufuku wa Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi, wosindikizidwa mu 2003, anayerekeza kuti timbatata tapakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkachoka ku Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse, ndipo chimenechi n'chimodzi mwa zifukwa zimene boma la Tanzania linakhazikitsira malo otetezedwa a Kitulo mu 2005. Wojambula ndi wokumba akuyang'ana chomera chimodzi, wina kumwamba, wina pansi. Ngati pansi pa chithunzi palembedwa Disa yekha, mayi wokumba uja sadzadziwa kuti nkhaniyo ikumukhudza, ndipo wosirira duwa ku Johannesburg sadzadziwa kuti chikanda chimene anagula ulendo wake wa ku Lusaka chinachokera kuti.

Nkhani ya malo ndi yovutirapo. Chithunzi chopanda tsiku ndi malo si mboni yodalirika. Mkungudza, umene unalengezedwa kuti ndi mtengo wa dziko la Malawi mu 1984, unadulidwa ndi kutenthedwa mpaka kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse la Mulanje. Zithunzi zakale za nkhalango zake zili ndi phindu lero chifukwa eni ake analemba pamene anaima ndi chaka chimene anajambula. Komabe, malo omwewo akhoza kukhala mapu a mbala. Foni ikaloledwa kudziwa pamene muli, imasunga manambala a malowo m'kati mwa chithunzi. Ku South Africa, kuyambira mu 2019, anthu akhala akuzula zomera zing'onozing'ono za m'chipululu cha Namaqualand, makamaka za mtundu wa Conophytum, kukagulitsa kunja, ndipo pofika mu 2024 zimene zinalandidwa zinali zitapitirira miliyoni imodzi. Msika umenewu unakula ndi zithunzi. N'chifukwa chake iNaturalist, imene inayamba mu 2008 ngati ntchito ya ophunzira a ku Berkeley ndipo tsopano imalandira zithunzi za zamoyo kuchokera padziko lonse, imabisa malo enieni a zamoyo zimene zili pangozi. Wolemba mawu a pansi pa chithunzi ayenera kudziwa pamene angatchule mudzi ndi pamene ayenera kungotchula boma kapena kungoti m'dambo la kumapiri. Asing'anga athu ankadziwa kale kusiyanitsa kumeneku. Dzina la mtengo akhoza kukuuzani, koma pamene wamera amakuuzani akakukhulupirirani.

Choncho chithunzi chabwino cha chomera, malinga ndi kuona kwanga, sichikhala chimodzi. Pafunika cha duwa, inde, koma pafunikanso cha chomera chonse pamalo pake, ndi cha tsamba kapena khungwa, dzanja kapena khasu lili pambali kuti msinkhu udziwike. Pansi pake pakhale dzina limene anthu a kumeneko amatchula, ndipo patchulidwe dera limene dzinalo lamvekera, pakuti dzina lopanda dera limabala mikangano yopanda pake yakuti Chichewa chenicheni ndi chiti. Kenaka pabwere dzina la Chilatini ngati likudziwika motsimikiza, ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena chimene chomeracho chimachita pakati pa anthu. Zolemba zotere ndi mtundu wa zolembalemba umene sitinayambe kuuphunzitsa. Timaphunzitsa chimangirizo, kalata, lipoti ndi ndakatulo, koma sitiphunzitsa mizere itatu imene lero ikuwerengedwa ndi anthu ambiri kuposa mabuku athu onse. Ndi ntchito yofuna kusankha mawu mosamala ngati mwambi, ndipo wophunzira wa chiyankhulo amene angayende ndi wophunzira wa zomera kwa mlungu umodzi akhoza kubwerako ndi mawu amene sanalowe mwa Scott mu 1892 kapena mu Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000.

Wophunzira wanga uja ndinamuuza zonsezi, mwina motalikitsa monga mwa chizolowezi cha aphunzitsi. Patapita masiku anatumizanso zithunzi ziwiri zija pamodzi, ndipo pansi pake analemba kuti: "Kaufiti, Striga asiatica. M'munda wa chimanga, boma la Dedza, mwezi wa Marichi. Amayamwa mizu ya chimanga asanatuluke pamwamba." Ndinawawerengera azakhali pafoni. Anati zili bwino, koma mnyamatayo wasiya ziwiri: kuti kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndiponso kuti wofuna kumuzula azule duwalo lisanaume, akatenthe kutali ndi munda.